Mmene mungamangire laibulale ya kafukufuku wa zaluso: njira imene Aby Warburg anadutsa

Ku Woburn Square mumzinda wa London kuli laibulale ya Warburg Institute. Akatswiri ofufuza mbiri ya zojambulajambula ndi zosemasema amachoka kutali kukawerenga kumeneko, ndipo lero ili ndi mabuku oposa 300,000. Amene anaiyambitsa si boma kapena yunivesite ayi. Anali munthu mmodzi, Aby Warburg wa ku Hamburg m'dziko la Germany, amene anabadwa mu 1866 n'kumwalira mu 1929. Malangizo otsatirawa ndawatenga pa zimene iyeyo ndi anzake anachita, chifukwa mbiri yawo inalembedwa bwino moti phazi lililonse limene anaponda likuoneka. Ndalama zimene iye ankagwira ambirife sitidzaziona, ndipo pamene njira yake singatithandize ndinena mosabisa. Zotsalazo n'zotheka ngakhale mutayamba ndi shelefu imodzi pabalaza.

Choyamba, khalani ndi funso

Musanagule buku ngakhale limodzi, lembani funso limene likukusowetsani tulo. Likwane m'chiganizo chimodzi.

Warburg anali nalo lake, ndipo anafa nalo: kodi zithunzi ndi maonekedwe a thupi amene Agiriki ndi Aroma akale ankasema zinapulumuka bwanji zaka mazanamazana, n'kudzatulukiranso m'zojambula za ku Italy m'zaka za m'ma 1400? Kafukufuku wake wa digiri ya udokotala anali wa zithunzi ziwiri za Botticelli, wojambula wa ku Italy wa nthawi imeneyo, ndipo maso ake anali pa kanthu kamene ena ankangokadumpha: tsitsi ndi nsalu zouluka ngati zikukupizidwa ndi mphepo. Kuti amvetse chimene wojambulayo anachitira zimenezi, anafunika ndakatulo za nthawiyo, nkhani za zikondwerero za mumzinda wa Florence, makalata a amalonda, ngakhale wilu ya munthu wina wa kubanki. Ali pasukulu ku Strasbourg ankayendayenda, chifukwa mabuku a zaluso anali m'chipinda china, a chipembedzo kwina, a ndakatulo kwinanso. Maganizo oti zonsezi zikhale pansi pa denga limodzi anachokera pamenepo.

Funso ndi limene limakuuzani choti mugule ndi choti musiye. Wina akati akusonkhanitsa mabuku a "zaluso za mu Africa", ndiye kuti sananene kanthu. Adzagula chilichonse chokhala ndi chigoba pachikuto mpaka ndalama zithe. Koma akati akufuna kudziwa mmene ziboliboli za m'chigawo chapakati cha Malawi zinasinthira pamene amishoni ndi alendo anayamba kuzigula, pomwepo wadziwa kuti akufunika mbiri ya mishoni ya Mua ndi malo a zaluso a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mabuku a za mitengo yosemera, ndiponso timabuku takale totsogolera alendo oona malo. Enawo, ngakhale akongole bwanji, angathe kudikira.

Chachiwiri, pezani ndalama yobwera mosadukiza

Nkhani yake ndi yotchuka. Mu 1879, ali ndi zaka 13, Aby anauza mng'ono wake Max kuti amusiyira udindo wa mwana woyamba m'banki ya banja lawo, bola Max alonjeze kuti azidzamugulira buku lililonse limene angafune. Max anavomera, akuganiza kuti ndi mabuku ochepa chabe. Mchimwene wakeyo atamwalira, iye ananena kuti sanasainirepo cheke chachikulu chopanda malire ngati chimenecho.

Palibe wa ife amene ali ndi mng'ono wa banki yoteroyo. Koma onani chimene chinathandiza kwenikweni: ndalamayo inkabwera chaka ndi chaka kwa zaka makumi angapo. Buku losowa limatulukira pamsika tsiku limene lafuna, ndipo amene alibe kangachepe m'thumba tsikulo waliphonya. Patulani ndalama yochepa mwezi uliwonse, muiike payokha, ndipo lembani zonse zimene mwagula ndi mtengo wake. Ngati pali wachibale kapena bungwe lokuthandizani, muziwaonetsa kaundulayo asanafunse. Warburg nayenso sankangotenga ndalama chinunu. Kuyambira mu 1900 ankalembera abale ake makalata owafotokozera chifukwa chake laibulaleyo inali yoyenera kuithira chuma cha banja.

Chachitatu, tolerani zimene ena akutaya

Apa ndi pamene wosonkhanitsa wosauka angapose wolemera. Mabuku akuluakulu a zikuto zolimba amapezeka m'malaibulale ambiri, ndipo mukawasowa lero mudzawapeza mawa. Zimene zimasowa kotheratu ndi timapepala: kabuku ka chionetsero ka masamba asanu ndi atatu, khadi yoitanira anthu kumwambo wotsegulira, pepala la mitengo ya zithunzi, positala, nkhani ya m'nyuzipepala, pologalamu ya maliro a mmisiri imene ili ndi mbiri ya moyo wake. Patsiku lake zimaoneka ngati zinyalala. Pakapita zaka 30, kapepala kameneko ndi kokhako kotsimikizira kuti chionetserocho chinachitikadi ndiponso kuti anaonetsa ndani.

Warburg ankasonkhanitsa makalendala akale a openda nyenyezi, timabuku ta maulosi ta m'nthawi ya Martin Luther, ngakhale masitampa a papositi, chifukwa kwa iye chithunzi cha pasitampa chinali choyenera kuchifufuza mofanana ndi cha pakhoma la tchalitchi. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka mu 1914, anayamba kudula nkhani za m'nyuzipepala tsiku ndi tsiku n'kumazisanja m'mabokosi. Ku London, Sir Robert Witt ndi mkazi wake Mary ankadula zithunzi m'makatalogu a misika yogulitsira zojambula n'kumaziika m'mafayilo malinga ndi dzina la wojambula. Mu 1920 Helen Clay Frick wa ku New York anaona ntchito imeneyi, ndipo atabwerera kwawo anayambitsa yake m'chipinda chapansi cha nyumba ya bambo ake, mmene kale ankaseweramo masewera ogubuduza mpira. Frick Art Reference Library inayamba choncho.

Chitani izi. Mukapita kuchionetsero, tengani makope awiri a chilichonse chosindikizidwa, limodzi losunga, lina losinthanitsa. Mukafika kunyumba lembani kuseri kwake ndi pensulo tsiku, malo ndi amene wakupatsani. Pensulo, osati bolopeni, chifukwa inki imalowerera n'kudetsa tsamba. Masiku ano ojambula ambiri amalengeza ntchito zawo pa Facebook pokha, ndipo tsamba lingatsekedwe usiku umodzi. Jambulani chilengezocho pafoni, chisungeni ndi deti lake, ndipo zofunika kwambiri zisindikizeni papepala. Kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu siyani kapepala ka mayina a mabuku amene mukufuna ndi nambala yanu ya foni. Akakupezerani, musanenerere mtengo mpaka kumukhumudwitsa, chifukwa mukufuna kuti ulendo winawo adzayambe waimbira inu. Buku limene mwalipeza pa intaneti kunja, nthawi zambiri ndi bwino kulitumiza kwa m'bale wa ku Johannesburg kapena ku London kuti adzabwere nalo m'chikwama kusiyana ndi kulipira positi yoposa mtengo wa bukulo.

Chachinayi, mangani ubale ndi anthu odziwa

Pano ndichedwapo, chifukwa mtima wa nkhaniyi uli pano. Ndalama imagula buku, koma singakuuzeni kuti bukulo liliko. Amakuuzani ndi munthu.

Mu 1895 Warburg anapita ku New York ku ukwati wa mng'ono wake Paul. Phwando litamukwana, anapita ku Washington kukacheza ndi akatswiri a ku Smithsonian Institution amene ankafufuza miyambo ya anthu oyamba kukhala ku America. Macheza amenewo ndi amene anamutumiza ku New Mexico ndi ku Arizona, kumene anakaona magule a anthu a mtundu wa Hopi. Kuyambira pamenepo mabuku a chikhalidwe cha anthu ndi a zipembedzo sanachokenso pafupi ndi mabuku ake a zaluso.

Chitsanzo chimene ndimachikonda kwambiri ndi cha nyumba yachifumu ya Palazzo Schifanoia ku Ferrara, m'dziko la Italy. M'chipinda china mmenemo muli zojambula za pakhoma za miyezi ya pachaka, zojambulidwa cha m'ma 1470. Pamzere wapakati pali anthu odabwitsa amene akatswiri a zaluso analephera kuwazindikira. Pa mwezi wa Malichi, mwachitsanzo, paima mwamuna wakuda, zovala zake zoyera zong'ambika, chingwe atamanga m'chiuno, nsonga yake ataigwira m'dzanja. Ndi ndani ameneyu? Yankho silinali m'buku lililonse la zaluso. Linali m'buku la Franz Boll, katswiri wa zilankhulo zakale amene ankafufuza za kupenda nyenyezi. M'buku lake la mu 1903 lotchedwa Sphaera munali mawu a Abu Ma'shar, wopenda nyenyezi wa ku Baghdad wa m'zaka za m'ma 800, ofotokoza zifaniziro 36 zolamulira masiku khumikhumi a chaka. Warburg anazindikira mwamuna wachingweyo m'mawu amenewo, n'kulondola njira imene chifanizirocho chinayenda kudzera ku India ndi kwa Aluya mpaka kukafika pakhoma la ku Italy. Anakafotokoza zimenezi pamsonkhano wa akatswiri ku Rome mu 1912. Iye ndi Boll anakhala mabwenzi olemberana makalata, ndipo Boll atamwalira mu 1924 mabuku ake anakalowa m'laibulale ya Warburg.

Taonani kuti bwenzi lothandizalo silinali la ntchito yofanana ndi yake. Akatswiri a zaluso anzanu amawerenga zimene inu mumawerenga. Wokutsegulani maso amakhala wa mbali ina: wofukula zakale, wansembe wosunga mabuku a mishoni, wa zankhalango wodziwa mitengo, mtolankhani wopuma ntchito, kapena mmisiri wokalamba amene sanalembepo kanthu koma amakumbukira amene anaphunzitsa yani.

Kuwafikira kwake n'kotere. Musalembe kalata yopempha kuti "andithandize ndi mabuku". Kalata yotero imangoikidwa pambali. Yambani mwawerenga zimene munthuyo analemba, kenaka funsani funso limodzi looneka kuti mwawerengadi, ndipo ikanimo kanthu kochokera kwa inu. Mwachitsanzo: "Bambo, ndawerenga nkhani yanu ya zojambula za pamiyala ku Chongoni. Patsamba lachinayi mwatchula lipoti limene sindikulipeza. Kodi mungandilozere kumene lili? Ndaikamo chithunzi cha kabuku ka chionetsero kamene mwina mulibe." Akatswiri ambiri amakondwa kutumiza nkhani zawo kwa munthu wozifunadi, makamaka pano pamene kutumiza kwake ndi kungodina pakompyuta. Akakutumizirani, thokozani, ndipo pakapita miyezi muwauze chimene mwapeza chifukwa cha thandizo lawo. Ambiri amaiwala mbali yomalizayi, n'chifukwa chake kalata yawo yachiwiri siyankhidwa.

Lowani m'mabungwe a anthu okonda zomwezo. Ku Blantyre, Society of Malawi, imene inayamba mu 1946, ili ndi laibulale yake ku Mandala House ndipo imatulutsa magazini ya kafukufuku. Ku Zomba kuli National Archives. Woyang'anira mabuku m'malo oterewa amadziwa amene anabwerapo kudzafufuza nkhani yanu zaka khumi zapitazo, ndipo mukakhala naye bwino adzakuuzani.

Tsono pali nkhani yovuta ya mabuku a munthu womwalira. Malaibulale ambiri a kafukufuku anakula pomeza mabuku a akatswiri amene anatsogola, monga zinachitikira ndi a Boll. Mabuku oterewa amakhala osankhidwa kale ndi munthu wodziwa, ndipo m'mphepete mwa masamba mumakhala zolemba zake. Amasowanso msanga. Makatoni amaikidwa m'chipinda chodontha, ana amagawana osadziwa chimene atenga, mapepala ena amathera pokulungira mandasi. Komabe pamaliro si pokambira za mabuku. Njira yabwino koposa ndi kukambirana ndi mwiniwake akadali moyo, n'kulemberana. Ngati zimenezo sizinatheke, dikirani misozi iume, dzerani kwa akuluakulu a banja, ndipo mayi wamasiye kapena ana akhalepo pokambirana, kuti mawa pasadzamveke zoti munalanda chuma cha masiye. Perekani mtengo woyenera ngakhale iwo asakudziwa mtengo wake. Lembani mndandanda wa zonse zimene mwatenga, asainire, ndipo buku lililonse muliike chizindikiro cha dzina la malemuyo. Banja lina likamva kuti munalemekeza mnzawo, lidzakuitanani lokha.

Chachisanu, sanjani mabuku kuti aziyankhulana

Warburg anali ndi lamulo limene ankalitcha la mnansi wabwino. Ankati nthawi zambiri buku limene ukulidziwa n'kupita kukalitenga si limene ukulifunadi. Lofunikalo ndi loyandikana nalo pashelefu, limene sunalimvepo. Choncho sankasanja motsatira afabeti kapena kukula kwa mabuku. Ankasanja motsatira maganizo. Mabuku a zamatsenga anali pafupi ndi a chipembedzo, a kupenda nyenyezi pafupi ndi a sayansi ya zakuthambo, a sayansi pafupi ndi a filosofi, kuti woyenda m'mbali mwa shelefu aziona mmene nzeru ina inabadwira mwa inzake. Mpaka lero ku London mabukuwo ali m'magawo anayi, gawo lililonse pansanjika yake: Chithunzi, Mawu, Kupeza Njira, ndi Zochita. Wowerenga amaloledwa kupita yekha kumashelefu.

Yesani ndi mabuku anu. Atsitseni onse pansi. Tengani funso lanu lija muligawe m'timafunso tating'ono, ndipo buku lililonse lipite pansi pa kafunso kamene limayankha. Buku la mitengo ya m'nkhalango likhale pambali pa la ziboliboli. Mbiri ya mishoni ikhale pambali pa zithunzi za m'tchalitchi. Buku likakana kulowa paliponse, mwina silinayenere kugulidwa, kapena likukuuzani kuti pali funso limene simunalifunse.

Koma ndikuchenjezeni, njirayi ili ndi vuto lake. Warburg ankasuntha mabuku nthawi iliyonse maganizo ake akasintha, moti Fritz Saxl, mnyamata wa ku Vienna amene anadzakhala womuthandiza kuyambira mu 1913, atangoiona laibulaleyo koyamba anasokonezeka nayo. Mwiniwake yekha ndiye ankadziwa pamene chinthu chili. Anthu ena atayamba kuigwiritsa ntchito, Saxl ndi Gertrud Bing, mayi amene ankagwira naye ntchito, anayamba kumata timizere ta mapepala a mitundu itatu pamsana pa buku lililonse, kuti gawo lake lizioneka patali ndipo kulisuntha kusavute. Inuyo musadikire kuti mabuku afike masauzande. Buku lililonse likangolowa m'nyumba lipatseni nambala, mulilembe m'kaundula: wolemba, mutu, chaka, kumene mwalipeza, mtengo, ndi shelefu imene lili. Kope lolimba chikuto likwana, kapena tebulo la pakompyuta. Mukasuntha buku, sinthaninso m'kaundulamo tsiku lomwelo.

Chachisanu ndi chimodzi, sungani zithunzi mwadongosolo

Laibulale ya zaluso yopanda zithunzi ndi yopunduka. A Witt ankasanja zawo potsata dzina la wojambula, a Warburg potsata chimene chajambulidwa, kuti munthu athe kuona chifaniziro chimodzi mmene chasinthira m'mibadwo yosiyana. M'zaka zake zomaliza Warburg ankakhoma zithunzi pamatabwa okutidwa ndi nsalu yakuda, n'kumazisunthasuntha. Pomwalira anasiya matabwa 63 okhala ndi zithunzi pafupifupi 1,000. Sankhani njira yogwirizana ndi funso lanu. Ngati amisiri ambiri amene mukuwafufuza mayina awo sadziwika, njira yachiwiriyo ndiyo ingakuthandizeni.

Chithunzi chopanda mawu n'chosathandiza pa kafukufuku. Chilichonse chikhale ndi dzina la mmisiri ngati likudziwika, malo, deti, kukula kwa chinthucho, chimene anapangira, ndi amene anajambula. Ndipo pemphani chilolezo. Warburg anajambula miyambo ya Ahopi momasuka mu 1896, koma lero eni akewo salola kuti miyambo yawo izijambulidwa. Aliyense wodziwa za gule wamkulu akumvetsa chifukwa chake: pali za pabwalo, pali za kudambwe. Zimene munapatsidwa mwachinsinsi zikhale m'bokosi lapadera, ndipo mulembepo amene angaloledwe kuziona.

Chachisanu ndi chiwiri, pezani wachiwiri wanu ndipo tsegulani chitseko

Kumapeto kwa 1918 Warburg anadwala matenda a maganizo, ndipo anakhala zaka zingapo m'zipatala, makamaka ku Kreuzlingen m'dziko la Switzerland, mpaka 1924. Laibulale ikanakhala m'mutu mwake mokha, bwenzi itathera pomwepo. Koma banja linaika Saxl kuti aiyang'anire, ndipo iye anachita chinthu chimene chinaisandutsa malo a kafukufuku: anaitsegulira aphunzitsi ndi ophunzira a yunivesite ya Hamburg, imene inali itangoyamba mu 1919. Mu 1920 anayendetsamo Ernst Cassirer, pulofesa wa filosofi. Atamaliza kuzungulira, Cassirer ananena kuti laibulaleyo ndi yoopsa, ndipo ayenera kusankha kuithawa kapena kukhala mkaidi wake kwa zaka zambiri. Anasankha ukaidi. Erwin Panofsky, katswiri wa mbiri ya zaluso, nayenso ankagwira ntchito pomwepo. Saxl anayambitsa misonkhano imene akatswiri ankakambapo zimene apeza, n'kumasindikiza nkhanizo m'mabuku a laibulaleyo.

Kusindikizako kumabweretsanso mabuku, chifukwa amene ali ndi chake chotulutsa amakhala ndi chosinthanitsa ndi mabungwe ena. Inuyo mungayambe ndi kalata ya masamba anayi kamodzi pachaka yofotokoza zimene zalowa, ndi macheza a Loweruka limodzi pa miyezi itatu iliyonse pamene munthu mmodzi akamba za kafukufuku wake. Wowerenga aliyense mumufunse kuti ndi buku liti limene analifuna koma sanalipeze. Mayankhowo ndiwo mndandanda wanu wogulira.

Warburg atachira, banja linamanga nyumba yapadera ya laibulale pafupi ndi nyumba yake mumsewu wa Heilwigstrasse ku Hamburg, ndipo inatsegulidwa mu 1926. Kuyambira chaka chimenecho iye, Saxl ndi Bing ankalemba m'buku limodzi zochitika za tsiku ndi tsiku: wabwera ndani, chagulidwa n'chiyani, asemphana pati. Tengerani chizolowezi chimenechi.

Lamulo limodzi lokha ndi loti musaligonjere: buku lisatuluke. Warburg Institute sibwereketsa mabuku ake, amawerengera pomwepo. Adzabwera mlamu wanu, adzabwera abusa, adzabwera bwana wa kuntchito, aliyense ndi mawu oti "ndibweza Lolemba". Ikani mpando ndi tebulo, muwalole kujambula masamba pafoni, koma lamulolo mulilembe pakhoma kuti wokanayo akhale khoma, osati inu.

Chachisanu ndi chitatu, tetezani ku chiswe, chinyezi ndi moto

Mashelefu asagunde khoma ndipo shelefu yapansi italikirane ndi simenti. Achitsulo ndi abwino kuposa amatabwa kumene kuli chiswe. Nyengo ya dzinja muzitsegula mawindo kukacha bwino, ndipo buku limene layamba nkhungu mulipatule msanga. Musamate tsamba long'ambika ndi selotepi. Pakapita zaka imasanduka yachikasu n'kudya pepalalo. Timapepala tija tikhale m'mafayilo, opanda mapini achitsulo ochita dzimbiri. Moto wa mu Disembala 2015 umene unapsereza laibulale ya yunivesite ya Mzuzu, ndi mabuku pafupifupi 45,000, unaonetsa kuti ntchito ya zaka zambiri ingathe usiku umodzi. Zinthu zimene zilibe kope lina kulikonse zijambuleni, ndipo mafayilowo, pamodzi ndi kaundula, asungidwe m'nyumba ina.

Chomaliza, lembani kumene idzapite inu mukadzachoka

Warburg anamwalira mu Okutobala 1929. Mu Januwale 1933 chipani cha Nazi, chodana ndi Ayuda, chinatenga boma, ndipo mu Meyi chaka chomwecho mabuku ankatenthedwa m'mabwalo a mizinda ya ku Germany. Laibulale ya banja lachiyuda, yoyendetsedwa ndi akatswiri ambiri achiyuda, inalibe tsogolo ku Hamburg. Chinaipulumutsa ndi maubale amene anamangidwa zaka za m'mbuyomo. Edgar Wind, mmodzi wa akatswiri ake, anapita ku London kukakambirana. Samuel Courtauld, mwini mafakitale a nsalu amene anali atangothandiza kukhazikitsa Courtauld Institute of Art, analonjeza ndalama, ndipo Lord Lee of Fareham anathandiza kupeza malo. Pamapepala zinalembedwa kuti mabukuwo akungobwerekedwa kwa zaka zitatu. Mu Disembala 1933 sitima ziwiri zazing'ono, Hermia ndi Jessica, zinanyamula mabokosi 531 a mabuku pafupifupi 60,000, pamodzi ndi zithunzi, mashelefu achitsulo ndi matebulo, kulowera mumtsinje wa Thames ku London.

Mu 1944 banja la Warburg linapereka laibulaleyo ku University of London. Silinangopereka pakamwa. Eric Warburg, mwana wa Max, anasainira chikalata chonena kuti yunivesiteyo idzaisamala mpaka kalekale, idzaipatsa nyumba ndi antchito okwanira, ndipo idzaisunga ngati chinthu choima pachokha. Patapita zaka zoposa 60 panabuka mkangano wa tanthauzo la mawuwo, ambiri akuopa kuti mabukuwo amwazidwa m'laibulale yaikulu ya yunivesite n'kutaya kasanjidwe kake. Nkhani inakafika ku Khoti Lalikulu, ndipo mu Novembala 2014 woweruza anagamula kuti chikalata chija chikugwirabe ntchito, ndiponso kuti chikuteteza ngakhale mabuku amene anagulidwa pambuyo pa 1944.

Choncho pitani kwa loya mukadali ndi mphamvu. M'chikalatacho mutchule bungwe lolandira, ndi lina lachiwiri ngati loyambalo litakana kapena kutha. Munene ngati mabukuwo ayenera kukhala pamodzi ndiponso m'kasanjidwe kanu, ngati makope obwereza angagulitsidwe, amene adzalipire kasamalidwe kake, ndi zoyenera kuchita ndi bokosi la zachinsinsi lija. Kambiranani ndi bungwelo musanalilembe, chifukwa malaibulale ambiri alibe malo ndipo mphatso yobwera mwadzidzidzi imangokhala m'makatoni. Kaundula wanu aphatikizidwe kuchikalatacho, kope lina lipite kwa wachiwiri wanu, ndipo a m'banja mwanu muwawerengere zonse muli pomwepo kuti amve kuchokera pakamwa panu.